Maliro ndi Matenda pa Ntchito m'Mbiri ya Malawi

M'midzi ya makolo, maliro akagwa makasu onse ankagonekedwa pansi kufikira adzukulu, omwe ndi anthu okumba manda ndi kuika mtembo, atatsiriza ntchito yawo. Ndipo munda wa munthu wodwala unkalimidwa ndi abale ake, mwinanso kudzera m'dima, kulimirana kwa gulu kumene mwini munda ankathokoza ndi mowa kapena thobwa.

Ntchito yolembedwa imene inadza ndi atsamunda sinalabadire mwambowu. M'maesiteti a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, thangata, ntchito imene okhala pa malo a mzungu ankagwira m'malo mwa lendi, inkawerengedwa ndi masiku ogwiridwa okha, kotero kuti kudwala kapena kupita ku maliro kunkangotalikitsa ngongole ya munthu. Nkhanza za thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zinali m'gulu la madandaulo amene anabutsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915.

Chimene chinagwedeza kwambiri olemba ntchito chinali Edzi, imene inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985. M'zaka za m'ma 1990 aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki ankadwala miyezi yambiri, anzawo nawonso ankasiya ntchito kukadwazika kapena kukaika maliro, ndipo udindo wopereka bokosi, galimoto yonyamula thupi kupita kumudzi ndi chipepeso, ndalama yotonthozera ofedwa, unayamba kulemera kwambiri makampani ndi maunduna a boma. Mpumulo unadza mu 2004 pamene boma linayamba kugawa ma ARV kwaulere, odwala ambiri nabwerera ku ntchito.

Lamulo la ntchito la 2000 linapatsa wantchito amene watha miyezi 12 tchuthi cha matenda cha milungu 4 pa malipiro athunthu ndi milungu 8 pa theka chaka chilichonse, komanso mayi woyembekezera tchuthi cha milungu 8 kamodzi pa zaka zitatu. Mu 2021 abambo nawo anapatsidwa milungu iwiri mwana akabadwa. Komabe za maliro zinasiyidwa m'mapangano a pakati pa bwana ndi wantchito, chinthu chomvetsa chisoni m'dziko limene kusafika pa maliro a mbale ndi mlandu waukulu pa mudzi. Mlonda, wantchito wa m'nyumba ndi waganyu, amene ambiri alibe pangano lolembedwa, akadali kudalira chifundo cha bwana, ndipo Nyumba ya Malamulo iyenera kuwateteza.