Mbiri ya Mawu Akuti "Chirombo"

Mwana akamalira usiku m'midzi ya m'mapiri a Dedza, amayi amangonena kuti, "Tonthola, chirombo chingakumve," mwanayo nkukhala chete. Koma kodi chirombocho nchiyani?

Kwa makolo akale, chirombo chinali nyama yolusa ya m'thengo monga mkango, fisi kapena nyalugwe, mdani wa mudzi ndi ziŵeto. Zowononga zazing'ono anazitcha tizirombo, monga anankafumbwe a m'nkhokwe. Achipatala atafika, dzina lomweli linaperekedwanso kwa tizirombo toyambitsa matenda tosaoneka ndi maso.

Tanthauzo lozama lili ku dambwe. Pakati pa Acheŵa, zirombo ndi zija za Gule Wamkulu monga kasiyamaliro, chimkoko ndi njovu, zimene zimatuluka ku manda kudzaperekeza mzimu wa womwalira. Zimaopedwa ndithu, koma mantha ake ngaulemu, pakuti zimaimira mizimu ya makolo yodzalangiza amoyo.

Umboni wa zimenezi uli m'mapanga a Chongoni, m'mene muli malo 127 a zojambula za pa miyala. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, pamene zoyera zambiri nza Acheŵa. Pa Namzeze pali zithunzi zoyera za zirombo za nyau, ndipo akatswiri amati zinajambulidwa nthaŵi imene gule ankabisala m'mapanga pothaŵa Angoni, amishoni ndi boma la atsamunda.

Amishoniwo anawapatsa mawuŵa katundu wina. Mu Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa m'chaka cha 1922, mdani woopsa wa m'Chivumbulutso akutchedwa chirombo. Motero Mkhristu ankamva dzina limodzi ku tchalitchi ndi ku bwalo, ndipo kwa ambiri chirombo cha makolo chinasanduka cha Satana. M'zaka za m'ma 1920 mkangano wa nyau ndi sukulu za mishoni unakula kwambiri, mabanja nkugaŵikana.

Angerezi nawonso ali ndi mbiri yofanana. Mawu awo akuti "monster" anachokera ku Chilatini "monstrum", kutanthauza malodza, ndipo tsinde lake ndi "monere", ndiko kuti kuchenjeza. Kumeneko chenjezo linaiŵalika, nkutsala mantha okha.

Kuno zinthu zinatembenuka pang'onopang'ono. Ku Mua, mishoni imene inayamba mu 1902, Bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo kumeneko zigoba za gule zimasungidwa mwaulemu. Bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ndi Chongoni mu 2006.

Komabe utsi wa moto ndi maina olembedwa ndi makala zikuwononga zithunzi zina m'mapangamo. Zikafafanizika, mwana wa maŵa adzadziŵa chirombo choopsezera ana chokha, osadziŵa kuti chinalinso mphunzitsi wa mudzi.