Kuyesa Wophunzira Amene Ali Kutali: Mbiri Yochokera ku Karonga

Mphunzitsi amene ali m'kalasi amaona ndi maso ake ngati mwana wamva kapena ayi. Amafunsa funso, nayang'ana nkhope, ndipo pomwepo amadziŵa pamene pavuta. Nanga mphunzitsi akakhala ku Blantyre, wophunzira ali ku Karonga, mtunda wa makilomita oposa 800, adziŵa bwanji kuti zimene waphunzitsa zamveka? Funso limeneli lakhala likuvutitsa akuluakulu a maphunziro m'Malaŵi muno kuyambira mu 1965.

Pamene dziko lidalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, sukulu za sekondale zidali zoŵerengeka, ndipo ana ambiri okhoza bwino ku pulaimale ankangokhala pakhomo chifukwa chosoŵa malo. Pofuna kuwathandiza, boma lidatsegula Malawi Correspondence College ku Blantyre mu 1965. Nzeru imeneyi siidali yachilendo. Ku England, Isaac Pitman adayamba kuphunzitsa anthu kudzera m'makalata mu 1840, ndipo mu 1858 University of London idalola anthu kulemba mayeso ake ngakhale sadaphunzire pa sukuluyo.

Kachitidwe kake kadali kotere. Koleji inkasindikiza maphunziro m'timabuku, ndipo m'timabukumo munkakhala mafunso. Wophunzira ankayankha mafunsowo, n'kutumiza mayankho ake kuti akachongedwe. Wochonga ankapereka malikisi, nalembanso mau oongolera pamene mwanayo waphonya. Pepala lochongedwa limenelo ndilo lidali pakamwa pa mphunzitsi, pakuti aŵiriwo sankaonana.

Kwa wophunzira wa ku Karonga, vuto loyamba lidali nthaŵi. Masiku amenewo ulendo wa kummwera udali wautali: ena ankadikira sitima ya Ilala pa doko la Chilumba, ena ankakwera basi yodzera m'mapiri a Rumphi kukafika ku Mzuzu. M'nyengo ya dzinja mitsinje ya North Rukuru ndi Lufilya ikasefukira, maulendo ankavuta kwambiri. Motero pepala linkatha kubwerera mwini wake atafika kale pa mutu wina, cholakwa chija chitazika mizu. Kuchonga kochedwa kumauza munthu kuti adalakwa, koma sikumuthandiza pa nthaŵi imene akufuna thandizo.

Wailesi idachepetsako mtundawo. Mu 1973 kolejiyi idaphatikizidwa ndi nthambi youlutsa maphunziro a m'sukulu, ndipo mau a mphunzitsi ankafika ku Kaporo ndi ku Nyungwe pa ola lomwelo limene ankamveka ku Blantyre. Komabe wailesi imalankhula, siimva. Mwana akasokonezeka, sakadatha kukweza dzanja. Chifukwa cha ichi, m'madera ambiri mudakhazikitsidwa malo osonkhanirapo ophunzira, ndipo oyang'anira ake ambiri adali aphunzitsi a ku pulaimale amene adapatsidwa ntchito yoposa imene adaiphunzira.

Vuto lachiŵiri lidali la chikhulupiriro. Wochonga amene ali kutali alibe njira yodziŵira ngati mayankho alembedwa ndi mwini dzina, kapena ndi mkulu wake, kapena angokoperedwa kwa mnzake. Nchifukwa chake satifiketi siinkaperekedwa potengera mapepala a pa positi. Wophunzira aliyense ankayenera kuloŵa m'chipinda cha mayeso a boma a Junior Certificate kapena a Fomu 4, pamaso pa woyang'anira. Bungwe loyendetsa mayeso a m'dziko muno lidakhazikitsidwa mu 1969, ndipo mu 1987 padabadwa MANEB. M'chaka chomwecho kolejiyo idasintha dzina n'kukhala Malawi College of Distance Education.

M'chipinda cha mayesomo ndimo mudaonekera kusiyana. Mwana wa pa malo ophunzirira kutali ankalemba pepala lomwelo limene ankalemba mnzake wa pa Chaminade Secondary School, amene adali ndi aphunzitsi a sekondale, mabuku ndi zipangizo za sayansi. Chaka ndi chaka zotsatira zinkasonyeza kuti okhoza m'malo aja adali ochepa poyerekeza ndi a m'sukulu zinazo. Mayeso adali ofanana, koma njira yofikira ku mayesowo idali yosiyana. Mu 1998 boma lidalamula kuti malo amenewa asanduke ma Community Day Secondary School, kuti ana aziphunzitsidwa maso ndi maso.

Kuphunzira uli kutali sikudathe ayi, kudangokwera kufika ku makoleji. Mzuzu University idalandira ophunzira ake oyamba a njira imeneyi mu 2011, ndipo pambuyo pake idatsegula nthambi ku Karonga kuti anthu, makamaka aphunzitsi amene ali kale pantchito, asamayende ulendo wautali. Lero ntchito imene kale inkayenda masabata pa positi imafika kwa wochonga tsiku lomwelo kudzera pa intaneti, malinga ngati magetsi alipo ndipo wophunzira ali ndi ndalama yogulira bandulo. Vuto la nthaŵi lachepa. Koma vuto la chikhulupiriro lakula, pakuti kukopera kwa pa kompyuta n'kosavuta kuposa kwa pa dzanja. Nchifukwa chake mayeso otsiriza amalembedwabe m'chipinda, pamaso pa woyang'anira.

Chipindacho nachonso chimafuna kuchilondera. Mu November 2020 mayeso a MSCE adaimitsidwa m'dziko lonse chifukwa mapepala adabedwa, ndipo ana adalembanso mu January 2021.

Mbiri imeneyi ikusonyeza kuti kuyesa wophunzira kuli ndi ntchito ziŵiri: kumuongolera pamene akuphunzira, ndi kutsimikizira dziko kuti wadziŵadi. Yoyamba imafuna yankho lofulumira, yachiŵiri imafuna mboni yokhulupirika. Mwana wa ku Karonga amene akuŵerenga yekha usiku ayenera kulandira zonse ziŵiri, kuti satifiketi yake ikhale yolemera mofanana ndi ya mnzake amene adakhala m'kalasi.