Mbusa, Kapolo ndi Nthomba ya ku Boston

M'chaka cha 1721 nthomba inagwa mu mzinda wa Boston, ku America, ndipo maliro anachuluka. Kumeneko kunali mbusa wina, dzina lake Cotton Mather, amene kale anali ndi kapolo wochokera ku Africa wotchedwa Onesimus. Zaka zam'mbuyomo kapoloyo anali ataonetsa mbuye wake chipsera cha pamkono, nati kwawo amatenga mafinya a wodwala nthomba ndi kutemera munthu wosadwala. Munthuyo amadwala pang'ono, ndipo nthomba siimugwiranso.

Mbusayo anakhulupirira, napempha madokotala a mumzindamo kuti ayese. Onse anakana, kupatula mmodzi, Zabdiel Boylston. Taonani chodabwitsa: munthu wa Mulungu ndiye anafuna kuyesa, odziwa mankhwala ndiwo anakana. Ena anati mawu a kapolo sangakhulupirike, enanso anati kudzidwalitsa dala ndiko kulimbana ndi chifuniro cha Mulungu. Mkwiyo unakula, kotero kuti usiku wina munthu anaponya bomba m'nyumba ya mbusayo, koma silinaphulike.

Boylston anali asanaonepo katemerayo ndi maso ake, komabe anayambira pa mwana wake wobala yekha, wa zaka 6. Chimenecho chinali chikhulupiriro ndithu, pakuti mwanayo akadatha kufa. Mwana anachira, koma atate wake sanakhutire ndi umboni umenewo, anafuna chiwerengero. Mwa anthu pafupifupi 5,900 amene anadwala nthomba mumzindamo, 844 anamwalira. Mwa anthu oposa 240 amene iye anawatemera, anamwalira 6 okha.