Mawu a pansanja: masiku omwe zolankhula za atsogoleri zinagwedeza Lilongwe

Mtsogoleri akangotsika pansanja masiku ano, kanema wa masekondi 30 amakhala atafika kale pa WhatsApp, TikTok ndi Facebook. Ena akuombera m'manja, ena akupanga nthabwala. Koma nkhani yolankhula pagulu sinayambe ndi mafoni ayi. Mu mzinda uno wa Lilongwe muli malo angapo pomwe mawu a munthu mmodzi anasintha zinthu, komanso pomwe mawu okoma anadzasanduka ngongole. Nazi zomwe wachinyamata aliyense akuyenera kudziwa.

Kamuzu: Chingerezi ndi womasulira

Dr Hastings Kamuzu Banda anatsika ndege pa Chileka ku Blantyre pa 6 July 1958 atakhala kunja zaka pafupifupi 40. Pamisonkhano ankalankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Ntchitoyi anaigwira kwa nthawi yaitali ndi a John Msonthi, kenako a John Tembo. Ngakhale zinali choncho, akangofuula kuti "Kwacha!" bwalo lonse linkayankha. Uthenga wake unali umodzi, wosavuta kumva: chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chithe. Pasanathe chaka, pa 3 March 1959, boma la atsamunda linamumanga n'kukamutsekera ku Gwelo, komwe lero ndi ku Gweru m'dziko la Zimbabwe.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, mawu omwewo anasanduka lamulo. Kamuzu ankabwerezabwereza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mu 1971 anakhala mtsogoleri wamuyaya, ndipo mu 1975 likulu linasamuka ku Zomba kubwera kuno. Nthawi imeneyo wailesi inali imodzi, ya MBC, ndipo Ngwazi ikamalankhula panalibe woyankha. Munthu wotsutsa ankatha kutsekeredwa popanda mlandu. Phunziro loyamba ndi limenelo: luso lolankhula limene linathandiza kuchotsa atsamunda linagwiranso ntchito yotseka ena pakamwa. Manda ake ali ku City Centre, pafupi ndi Nyumba ya Malamulo.

1992: kalata ndi mawu osamalizidwa

Pa 8 March 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko muno munawerengedwa kalata ya maepiskopi yomwe inadzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka, kumanga anthu popanda mlandu komanso kusowa kwa ufulu wolankhula. Zambiri mwa zimenezo anthu ankazidziwa kale. Chachilendo chinali kuzimva zikunenedwa mokweza, pagulu, tsiku limodzi m'dziko lonse.

Patatha mwezi, pa 6 April 1992, Chakufwa Chihana anatsika ndege pabwalo la Kamuzu International Airport akuchokera kunja, n'kuyamba kuwerenga mawu opempha ndale za zipani zambiri. Sanamalize, apolisi anamugwira pomwepo. Koma kumangidwako kunamveka kutali kuposa zomwe zinali papepala. Mu May 1992 mayiko othandiza Malawi anaimitsa thandizo lina, ndipo pa 14 June 1993 anthu oposa 60 mwa 100 aliwonse anavotera nyali, chizindikiro cha matipate, kusiya tambala wakuda. Chihana anali atatuluka m'ndende masiku ochepa chabe riferendamuyo isanachitike.

Pa chisankho cha pa 17 May 1994 anapambana a Bakili Muluzi, ndipo Kamuzu anavomereza kugonja kudzera pawailesi. A Muluzi anabweretsa kalankhulidwe kena: Chichewa cha pamsika, nthabwala, kuseketsa anthu mpaka misozi. Kuyambira pamenepo wandale wosatha kusangalatsa gulu anayamba kuvutika.

2011 ndi 2012: mawu owotcha, mawu oziziritsa

Pa 20 July 2011 kunali zionetsero m'mizinda ya dziko lino chifukwa cha kusowa kwa mafuta agalimoto, ndalama zakunja komanso nkhani za ulamuliro. Tsiku lomwelo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anali pa wailesi akupereka phunziro kwa mtundu wa Amalawi kuchokera kunyumba ya boma, pamene m'misewu utsi wokhetsa misozi uli tolo. Anthu pafupifupi 20 anafa pa masiku awiriwo, ena mwa iwo kuno ku Lilongwe. Mtsogoleri akhoza kulankhula maola ambiri, koma ngati sakuyankha zomwe zikuwawa anthu tsiku limenelo, amakhala akulankhula yekha.

Bingu atamwalira pa 5 April 2012, dziko linakhala masiku awiri osadziwa kuti mpando utenga ndani. Mayi Joyce Banda analumbira pa 7 April ku Nyumba ya Malamulo, n'kukhala mayi woyamba kulamula dziko lino. Mawu awo anali achidule, opempha umodzi komanso kuti pasakhale kubwezerana. Nthawi zina ntchito ya zolankhula ndi yongotsitsa mitima basi.

Chilima ndi miyambi

Ambiri a inu apa ndi pomwe mukukumbukira. Pa 21 July 2018, Dr Saulos Chilima anakhazikitsa UTM pabwalo la Masintha ku Kawale, ali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Kalankhulidwe kawo kanali ka miyambi ndi zining'a, moti msonkhano ukatha anthu ankatsala akukangana pa Facebook kuti paja amatanthauza ndani. Mawu oti "osaopa, osatopa, osafooka" anafika mpaka pa ma T-shirt. Anaonetsa kuti Chichewa chakuya chikhoza kukopa achinyamata a m'tauni omwe ambiri ankati amangokonda Chingerezi.

A Chilima anamwalira pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June 2024 pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Pamwambo wa maliro ku Bingu National Stadium ku Area 48 pa 16 June, gulu lina la anthu linakuwiza olankhula ena, kuphatikizapo mtsogoleri wa dziko. Omvera nawonso amalankhula.

2019 mpaka 2025: mawu ayesedwa

Chisankho cha pa 21 May 2019, chija cha Tipp-Ex, chinabweretsa miyezi ya zionetsero zomwe ankatsogolera a HRDC. Kuno kawirikawiri anthu ankasonkhana pa Community Ground ku Old Town n'kuyenda kulowera ku City Centre, ndipo masitolo ambiri ankatsekedwa. Pa 3 February 2020, oweruza asanu a khothi la zamalamulo oyendetsera dziko anawerenga chigamulo chawo pafupifupi tsiku lonse, dziko lonse khutu lili pa wailesi, n'kuthetsa zotsatira za chisankhocho.

Dr Lazarus Chakwera, omwe anatsogolerapo mpingo wa Assemblies of God kwa zaka zoposa 20, anapambana chisankho chachibwereza cha pa 23 June 2020 ndi mavoti oposa 58 mwa 100 aliwonse. Analumbira pa 28 June pa Malawi Square ku BICC. Pa 6 July, chifukwa cha Covid-19, mwambo waukulu unachitikira ku Kamuzu Barracks ndi anthu ochepa, ndipo kumeneko analonjeza kuchotsa bwinja la katangale. Luso la paguwa linkamveka: mawu obwerezabwereza, kukweza ndi kutsitsa liwu, chithunzi cha ulendo wa ku Kenani. Mgwirizano wa Tonse unalonjeza ntchito 1 miliyoni, kudya katatu patsiku ndi feteleza wa K4,495.

Kenako kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mizere ya mafuta inabwerera. Pa chisankho cha pa 16 September 2025, a Peter Mutharika, omwe sadziwika ndi luso la pansanja ndipo sanachititse misonkhano yambiri, anapeza mavoti pafupifupi 57 mwa 100 aliwonse, a Chakwera 33. Pa 24 September a Chakwera analankhula ku mtundu wa Amalawi kuvomereza kugonja zotsatira zisanalengezedwe, zomwe zinathandiza kuti mumzinda mukhale bata.

Zomwe malamulo akunena

Gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko limapereka ufulu wolankhula, ndipo gawo 38 limapereka ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, popanda zida. Mtsogoleri wa dziko amayenera kulankhula ku Nyumba ya Malamulo za momwe dziko likuyendera, ija timati SONA, ndipo aphungu akhoza kumuitana kuti adzayankhe mafunso, monga anachitira a Chakwera mu September 2020. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti. Ndiye wina akagawa ndalama pamsonkhano, musati ndi chifundo chabe.

Momwe mungamvere zolankhula

Choyamba, funani mawu onse, osati kachidutswa kokha. Kanema wodulidwa amatha kumunenetsa munthu zomwe sananene, ndipo masiku ano liwu la munthu limathanso kupekedwa ndi kompyuta.

Chachiwiri, siyanitsani lonjezo ndi chikhumbo. Lonjezo limakhala ndi nambala, tsiku komanso komwe ndalama zichokere. Likasowa zimenezi, lisungeni n'kudzaliyang'ana mu bajeti.

Chachitatu, onani yemwe akuloza chala. Ngati mtsogoleri akudzudzula mfundo za mnzake, imeneyo ndi ndale. Akayamba kunyoza mtundu, chigawo kapena chipembedzo cha anthu ena, samalani, chifukwa zikavuta opsa ndi mavenda a ku Malangalanga ndi a mumsika wa ku Old Town, osati okhala kumipanda ya ku Area 10 kapena Area 43.

Pomaliza, sungani kanemayo. Akuluakulu athu a mu 1992 analibe chojambulira m'thumba, inu muli nacho. Chisankho chachikulu chikubweranso mu 2030, ndipo olankhula bwino adzabweranso pa Masintha ndi pa Community Ground. Tsiku limenelo mudzawaseweretse mawu awo omwe.