Shafti ya Bombardier ndi Mavuto Ake

M'nyengo yozizira ya 1934, m'mudzi wa Valcourt ku Quebec, mwana wa makaniko Joseph-Armand Bombardier anamwalira chifukwa chipale chofewa chinatseka msewu wa kuchipatala. Bamboyo analimbikira ntchito yomwe anali atayamba kale, yopanga galimoto yoyenda pa chipalecho. Mu 1937 boma la Canada linavomereza kuti luso lake ndi lakelake: gudumu la mano lokutidwa ndi labala, lokoka lamba wotambalala pansi pa galimoto. Galimoto yake yaing'ono yotchedwa Ski-Doo inatuluka mu 1959.

Magudumu a manowo amakhala pa shafti, chitsulo chopingasa chomwe chimalandira mphamvu ya injini kudzera pa tcheni. Apa ndi pamene amakaniko akhala akuvutikira kuyambira kale. Chipale chikasungunuka, madzi amalowa mu beringi, girisi n'kutha, dzimbiri n'kuyamba. Beringi ikagwira imadya shafti mpaka kuthyoka. Kukungitsa lamba kapena kugunda mwala wobisika kumafulumizitsa ngoziyo.

Ena amawotcherera, koma ndi kudzinamiza: shafti yowotcherera sichedwa kupindika. Odziwa ntchito amamasula lamba, kutsegula bokosi la tcheni, kuika shafti ndi maberingi atsopano, kenako kuthira oilo wina.