Za Nkhuni Zophikira Phoso la Asilikali

Pa chaka chino cha chikondwerero cha misyoni yathu, pamene tikumbukira atate athu amene anamanga nyumba ya Mulungu ndi sukulu pa malo ano, akulu a mpingo anandipempha kuti nanenso ndilembe kanthu ka masiku akale. Anzanga alemba za abusa ndi za aphunzitsi oyamba, ndipo achita bwino. Koma ine ndasankha kanthu kamene anthu ambiri sakasamala, ndiko nkhuni zimene asilikali ndi amtengatenga anaphikira phoso lawo pa nkhondo. Kapena wina adzafunsa kuti, Nanga nkhuni zilowa bwanji m'buku la chikondwerero? Ndimyankha kuti Akhristu oyamba ambiri a m'dziko muno anasenza katundu pa nkhondo ya 1914, ndipo ena mwa iwo sanabwerere kwawo. Amene anatsala kuthengo, ochuluka sanafe ndi chipolopolo ayi, koma ndi njala, ndi chisanu, ndi nthenda za m'mimba. Pakuti ufa suli nsima kufikira utakhala pa moto.

Nkhondo ya Chiwaya

Nkhondo ija inayamba ku Ulaya, koma inafika msanga kwa ife, chifukwa dziko la Ajeremani, limene lero titcha Tanzania, linachita malire ndi Nyasaland. M'mwezi wa August 1914 sitima ya Boma yotchedwa Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani, dzina lake Hermann von Wissmann, pa dooko la Sphinxhaven, ndilo Liuli. Ndipo pa 9 September chaka chomwecho anamenyana kolimba pa Karonga. Makolo athu anaitcha nkhondoyo ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolira mosalekeza ngati chimanga chothetheka m'chiwaya. Motero ngakhale dzina lake linachokera ku mafuwa.

M'chaka cha 1916 General Northey anatsogolera gulu lalikulu la nkhondo kuchokera ku mpoto kwa Nyanja, nalowa m'dziko la Ajeremani. Pamenepo panafunika anthu osenza chakudya ndi zipolopolo, pakuti kumeneko kunalibe njanji, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinali kufa ndi kashembe. Olemba mbiri awerenga kuti amuna a m'dziko muno pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya tengatenga, ndipo ena pafupifupi 19,000 anavala zausilikali m'gulu la King's African Rifles. Ena anapita mwaufulu, koma ambiri anatengedwa mokakamiza kudzera mwa mafumu. Mamisyoni nawonso sanatsale: aphunzitsi ambiri anakhala akapitao ndi omasulira, ndipo sitima ya misyoni ya ku Likoma, Chauncy Maples, inatengedwa ndi Boma kuti inyamule asilikali.

Njira ya phoso

Tiyeni titsate thumba la ufa kapena la mpunga pa ulendo wake. Katundu wochokera kunja anatsikira pa Chinde, pa mathiriro a Zambezi, nakwera mtsinjewo pa sitima kufika ku Chindio. Kumeneko analowa m'sitima ya pamtunda kufika ku Limbe. Kuchokera apo anayenda pa magalimoto ndi pa mitu ya anthu kudzera ku Zomba kufika ku Fort Johnston, ndiko ku Mangochi. Chimanga, nyemba ndi mpunga za m'dziko momwe muno zinasonkhanitsidwanso m'midzi, akazi nasinja ufa usana ndi usiku. Pa Fort Johnston zonse zinalowa m'sitima za pa Nyanja kunka ku Karonga, ku Mwaya ndi ku madooko a tsidya lija. Ndipo pomwepo panayamba ntchito yowawitsa, ndiyo kukwera ndi katundu mapiri a Livingstone.

Tsono zindikirani kuti sitima za pa Nyanja za masiku amenewo sizinayende ndi mafuta, koma ndi nkhuni. Pa madooko panali milu yaitali ya nkhuni zimene anthu a m'midzi anatema ndi kusenza, ndipo sitima inaima kawirikawiri kuti ilongedze zina. Chomwecho phoso lisanafike n'komwe pa mafuwa, linali litadya kale mitengo yambiri.

Chifukwa chake nkhuni sizinasenzedwe

Mtengatenga mmodzi anasenza katundu wa mapaundi 50 kapena 60. Ana anga a sukulu angathe kuwerengera okha: munthu akadya mapaundi 2 a ufa pa tsiku, thumba la mapaundi 60 lidzatha pa masiku 30, ngakhale palibe wina amthandiza kudya. Motero ulendo ukatalika, gawo lalikulu la anthu linali kusenza chakudya cha osenza anzawo, ndipo chofika kwa asilikali chinali chochepa. Pokhala zinthu zinali zotero, palibe mkulu wa nkhondo akadalola kuti mutu wa munthu usenze mtolo wa nkhuni m'malo mwa ufa kapena zipolopolo. Boma linapereka ufa, nyemba ndi mchere. Koma moto aliyense anadzifunira yekha.

Pofika pa chigono madzulo, atatula katundu, anthu otopawo anagawana ntchito m'timagulu, pakuti mutu umodzi susenza denga: wina akatunge madzi, wina akatole nkhuni, wina aike mafuwa. M'nkhalango za mitengo ya mitsamba nthawi ya chilimwe zinali kutheka. Koma njira inali imodzi, ndipo magulu anatsatana pa zigono zomwezo miyezi yambiri, kotero kuti nkhuni zouma za pafupi zinatha, anthu nayenda mtunda wina atayenda kale tsiku lonse. Pamwamba pa mapiri aja pali madambo a udzu wokhawokha ndi mphepo yozizira koopsa. Ndipo m'nyengo ya dzinja nkhuni zonse zinali zonyowa, zongofuka utsi. Ndiponso pamene adani anali pafupi, akulu a nkhondo analetsa kusonkha moto, popeza utsi usana ndi malawi usiku zionetsa pamene pagona anthu.

Amayi amene awerenga mawu awa adziwa chotsatira chake. Ufa wa mgaiwa ufuna kuti madzi awire, phala lithakathake nthawi ndithu, munthu asanayambe kuthira ufa wina ndi kuvundula. Nyemba zouma zifuna moto wa maora angapo. Koma munthu wa njala, wokhala ndi tsatsa zowerengeka ndi mdima uli pafupi, sadikira. Anadya nsima yosapsa ndi nyemba zolimba, namwa madzi osaphitsa a m'zithaphwi zimene anamwamo anthu mazanamazana. Madokotala a nthawi imeneyo anachitira umboni kuti ufa wosaphikidwa bwino unali chimodzi cha zinthu zodwalitsa amtengatenga m'mimba. Kamwazi anapha ambiri, ndipo chibayo chinatsiriza ena amene anagona pa mphepo opanda moto wowotha.

Nkhondoyo inakhalitsa. General von Lettow-Vorbeck, mtsogoleri wa Ajeremani, anaoloka Ruvuma m'mwezi wa November 1917, nalowa m'dziko la Apwitikizi. Ndipo anatula zida pa Abercorn, ndipo pa Mbala, pa 25 November 1918. Otsala ndi moyo pobwerera anapeza nkhokwe zopanda kanthu, ndi nthenda ya fuluwenza ili kusesa midzi.

Nzeru za anthu a maiko ena

Tisayese kuti vuto ili linagwera ife tokha. Pa nkhondo ya ku Crimea asilikali a Angelezi anapatsidwa nyama yamchere ndi khofi wosakazinga, ndipo m'nyengo ya chisanu anafika pokumba mizu ya mitengo kuti apeze chosonkhera moto. M'chaka cha 1855 kunapita mkulu wa ophika wa Chifalansa, dzina lake Alexis Soyer, amene anakonza mbaula yachitsulo yotsekeka, yosatha nkhuni zambiri, yophikira anthu 50 pamodzi, ndipo moto wake sunaoneke kutali. Mbaulayo inatumikira asilikali a Angelezi zaka zoposa 100. Iyenso anaphunzitsa kuti gulu lililonse likhale ndi ophika ophunzitsidwa, m'malo moti yense adziphikire yekha.

Pa nkhondo ya 1914 ku Ulaya, kumene asilikali anakhala m'maenje aatali, chakudya chinaphikidwa kumbuyo pa ngolo zokhala ndi mbaula, nichitengedwa usiku kunka kutsogolo m'zotengera zokutidwa kuti chisazizire. Analinso ndi kachitini ka sipiriti wouma ngati phula, kamene anakatcha Tommy cooker, kotenthetsera madzi a tiyi popanda utsi. Koma zotere sizinali za mtengatenga wa ku Nyanja.

Pa nkhondo yachiwiri, ya 1939 kufikira 1945, ana a dziko lino anapita kutali koposa: ku Somaliland, ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma. Pamenepo magalimoto anali atachuluka, ndipo petulo anakhala nkhuni za asilikali. M'chipululu cha kumpoto kwa Africa, kumene kulibe mtengo, asilikali a Angelezi anadula chitini, nathiramo mchenga, nanyowetsa mchengawo ndi petulo, nayatsa. Ku Burma m'chaka cha 1944, gulu la asilikali a kum'mawa kwa Africa, m'mene munali ndi anthu akwathu, linatsika chigwa cha Kabaw pakati pa mvula yosakata, kufikira mtsinje wa Chindwin; ndipo popeza misewu inasanduka matope, phoso lawo linaponyedwa kuchokera m'ndege. Ntchito imene atate awo anaichita ndi mitu, tsopano inachitidwa ndi mapiko.

M'zaka zomwezo munatchuka mibulu yoyera yoyaka, ya mankhwala otchedwa hexamine. Mjeremani wina, Erich Schumm, anayamba kuipanga m'chaka cha 1936 ndi dzina loti Esbit. Mbulu umodzi, wochepa kuposa bokosi la machesi, uyaka monga mphindi 12, nuwiritsa madzi a kapu yaikulu. Suchita utsi wooneka, ndipo ukhala zaka osaonongeka, koma mpweya wake ndi woipa m'malo otsekeka. Asilikali a Angelezi anailandira zaka zambiri pamodzi ndi phoso la tsiku limodzi ndi kambaula kopinda kolowa m'thumba, kufikira m'zaka zapitazi pamene anasinthira ku sipiriti wolimbitsidwa. Amereka anapitirira apo: kuyambira m'zaka za m'ma 1990 aika m'phoso lawo kathumba ka ufa wa zitsulo za magnesium ndi ayironi wosakaniza ndi mchere, kamene ukathiramo madzi pang'ono katentha kokha, nikafunditsa chakudya popanda lawi. Koma onani chinsinsi chake: chakudya cha m'matumba amenewa chaphikidwa kale kumene chinapangidwa, ndipo msilikali angochifunditsa. Anthu anaphunzira potsiriza kuti wotuma munthu ku nkhondo ayenera kumpatsa moto pamodzi ndi chakudya. Ndipo phunzirolo linagulidwa ndi miyoyo.

Chimene tiyenera kukumbukira

Ku Zomba kuli nsanja ya chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo, ndipo nkoyenera kuti ikhalepo. Koma amtengatenga ambiri agona m'manda osadziwika m'mbali mwa njira za ku Songea ndi ku Njombe; ndipo amayi amene anasinja ufa ndi kusenza nkhuni kunka ku madooko, maina awo sanalembedwe pena paliponse. Anthu omwewo, atabwerera, ndiwo anaumba njerwa, natema nkhuni zootchera, namanganso masukulu a m'midzi amene anatsekedwa pa nkhondo.

Buku Lopatulika silinyoza ntchito yotere. Mneneri Eliya anapulumuka pa njala chifukwa cha mkazi wamasiye amene anampeza ali kutola nkhuni pa chipata cha Zarefati. Mtumwi Paulo, atapulumuka m'nyanja pa chisumbu cha Melita, sanachite manyazi kutola nkhuni ndi kuziika pa moto. Ndipo Ambuye wathu mwini, atauka kwa akufa, anakonzera ophunzira ake moto wa makala ndi nsomba m'mbali mwa nyanja, asanayambe kulankhula nawo za kuweta nkhosa.

Chifukwa chake, abale ndi alongo, pa tsiku la phwando lathu, pamene nkhali zazikulu zidzakhala pa mafuwa kuseri kwa tchalitchi, ndipempha kuti wina atenge ana a sukulu, akawaonetse mulu wa nkhuni, nawafunse kuti, Anasenza izi ndani, ndipo anazitenga kutali kotani? Pakuti mapiri amene agogo athu anatolamo nkhuni ayera, ndipo amayi athu ayenda lero mtunda wautali monga anayendera amtengatenga. Pambuyo pake awauze za iwo amene anagona ndi ufa m'thumba koma opanda moto. Ndipo mvula ikagwa, mwana aliyense abzale mtengo pa malo a misyoni, ukhale chikumbutso cha munthu mmodzi amene dzina lake lidziwika ndi Mulungu yekha.