Mawu Owerengera Ndakatulo za Grace Nichols

Wophunzira akapatsidwa ndakatulo za Grace Nichols sachedwa kukumana ndi mawu oti diaspora, ndipo ambiri amangowameza osatafuna. Amati ndi anthu okhala kunja kwa dziko lawo, basi. Kwa mlakatuli uyu, yemwe anabadwira ku Georgetown m'dziko la Guyana mu 1950 n'kusamukira ku Britain mu 1977, tanthauzo limenelo ndi loperewera, chifukwa anthu a ku Caribbean anabalalika kawiri. Poyamba makolo awo anachotsedwa ku Africa ali m'maunyolo kuti akalime nzimbe, ndipo ukapolo utatha, eni minda a ku Guyana anayamba kutenga antchito ku India kuyambira mu 1838 mpaka 1917. Kachiwiri, zidzukulu za anthu amenewa zinawolokanso nyanja kukafuna ntchito ku London ndi Birmingham. Mtchona wa kwathu kuno, ngakhale asabwerere, amadziwa mudzi wake ndi dzina la mfumu yake. Mdzukulu wa kapolo anangotsala ndi dzina loti Africa. Mudzi ndi mfunda zinathera panjira.

N'chifukwa chake buku loyamba la ndakatulo la Nichols, I is a Long Memoried Woman, lomwe linatuluka mu 1983 n'kupata mphoto ya Commonwealth Poetry Prize, silikamba za ulendo wake wa ku Britain. Likutsata mkazi wogwidwa ku Africa amene akuwolotsedwa nyanja ya Atlantic, ulendo umene olemba mbiri amautcha Middle Passage. Wolankhula m'bukumo si Nichols ayi. Ndi munthu womupeka, amene akatswiri amamutcha persona, ndipo wosokoneza awiriwa amayamba kufufuza mbiri ya mlembi m'malo momvera ndakatulo.

Mawu ena amene amatayidwa paliponse ndi Windrush generation. Anachokera pa dzina la sitima ya Empire Windrush, imene inakocheza pa doko la Tilbury mu June 1948, ndipo amanena za anthu amene anafika ku Britain m'zaka zapakati pa 1948 ndi 1971. Nichols anafika mochedwerapo, choncho kumuika m'gululi n'kuphonya.

Koma mawu amene ndimawaona olemera kuposa onse ndi nation language. Anawatchukitsa ndi Kamau Brathwaite wa ku Barbados, amene anakhalako ku Ghana, m'buku lake History of the Voice la mu 1984. Kusukulu za atsamunda, kalankhulidwe ka anthu wamba a ku Caribbean kankatchedwa Chingerezi chothyokathyoka, ndipo ngakhale mawu oti dialect anali ndi kafungo kachipongwe. Brathwaite anakana. Anati mawu ake ambiri ndi a Chingerezi, inde, koma kaumbidwe ka ziganizo, kakwezedwe ka mawu ndi kagundidwe kake zili ndi mizu ku Africa, ndipo miyeso ya ndakatulo za ku England singanyamule mkuntho wa kuzilumba. Akatswiri a zinenero amakonda kunena kuti Creole, kapena kuti Chikiliyo. Brathwaite ankafuna dzina lopatsa chinenerocho ulemu wa mtundu wa anthu.

Mutu weniweni wa buku la Nichols uja mphunzitsi wa galamala angauthethe ndi inki yofiira. Nichols anauika dala. Komabe iye samamatira mbali imodzi monga Linton Kwesi Johnson wa ku Jamaica, amene ndakatulo zake za dub zimayenda ndi ng'oma za reggae. Nichols amalowa m'Chikiliyo n'kutulukamo, nthawi zina m'ndime imodzi yomweyo, ndipo funso loyenera n'lakuti wasinthira pati, akulankhula ndi yani. Zimenezi diso lokha silingazigwire. Ndakatulo zotere zimafuna kuwerengedwa mokweza.

Pa nkhani ya banja, ndakatulo ya Praise Song for My Mother yakhala ikuwerengedwa m'masukulu a ku England. Nichols anabwereka mwambo wa ku Africa wotamanda munthu pomupatsa mayina, nautembenuzira kwa mayi ake, amene akuwafanizira ndi madzi, mwezi, dzuwa lotuluka, mpaka fungo la chakudya cha kwawo. Anthu amaitenga ngati nyimbo yachikondi chabe, koma mayi yemweyo ndiye akutsanzika mwana kuti apite kutali.

Stuart Hall, wobadwira ku Jamaica, analemba mu 1990 kuti cultural identity si chinthu chokwiririka kale chimene munthu amakachifukula chili chathunthu, koma chimene chimaumbikabe munthu akamayenda. Ndakatulo ya Nichols yotchedwa Hurricane Hits England ikuonetsa ganizoli bwino kuposa mabuku ofotokoza. Mphepo yamkuntho ya mu October 1987 itazula mitengo kummwera kwa England, mkazi wa m'ndakatuloyo akuitana Oya ndi Shango, milungu ya Ayoruba imene inawoloka nyanja pamodzi ndi akapolo, ndipo akuiitanira pa nthaka ya England.